Ndiwo Zanga Sindisiya Panjira

Birmingham,
Mangalande.
Mwezi wa Novembala.

Okondedwa Bambo,

Ndayamba ndi kugwada pamaso panu, ngakhale bondo lenilenilo likukana masiku ano. Muli bwanji kumudziko, inu ndi amayi? Msana uja ukukulolani kupita kudimba, kapena mukungolamula muli pampando monga mwa nthawi zonse? Ndamva kuti mvula yoyamba yagwa kale ku Mchinji ndipo munda wakumtunda mwabzala. Ine ndili moyo. Ndikudya, ndikugona, ndipo ndayamba kale kukangana ndi manesi, chizindikiro chakuti ndikuchira.

Pafoni tsiku lija sindinathe kulankhula zomveka. Amayi atangoyamba kulira, inu munangoti tithokoze Mulungu, basi n'kudula. Ndiye ndati ndilembe pamanja, ndijambule masambawa, ndimutumizire mlongo wanga Chrissy pafoni kuti akuwerengereni lero lomwe. Chrissy, usadumphe mizere, ngakhale yomwe ikuoneka yosayenera kuwerengera mkulu wa mpingo. Kumapeto kuli pempho, ndipo amene angalikwanitse ndi inu nokha, Bambo.

Za mwendo ndinene mwachidule. Ulipo. Aulowetsa zitsulo mbali zonse, ukuoneka ngati njinga ya kabaza yomwe yapita kowotcherera kambirimbiri, koma madokotala akuti ndidzauyendera. Mpira wokha ndiye ndatsanzikana nawo, ndipo inu munkanena kale kuti sindinkautha. Chakudya cha kuno ndi mbatata yosinja ngati phala la mwana, mchere ngati akuuopa. Amayi muwauze kuti nkhope sinakhudzidwe, mwayi wopeza mpongozi ukadalipo.

Koma sindikulembera za mwendo. Ndikulemba za munthu amene wachititsa kuti mwendowo, pamodzi ndi mwini wake, ufike kuno. Dzina lake ndi Bupe Kangwa, Mbemba wa ku Kasama ku Zambia, mayi wa mwana mmodzi, msilikali wachipatala m'gulu lathu la asilikali a Mangalande. Pamene ndikulemba pano wagona m'chipinda cha odwala mwakayakaya, pamwamba pa wodi yathu. Anavulala m'mutu. Titafika kuno sanadzuke, ndipo madokotala anauza mwamuna wake kuti ngati sipaoneka kusintha, akhale pansi akambirane za makina omwe akumuthandiza kupuma. Tanthauzo lake mukulidziwa.

Inu amene munagwira ntchito kumigodi ya ku Mufulira sindingakuphunzitseni chimbuya. Ndikukumbuka pamaliro a agogo, anzanu a Mwansa atabwera ndi gulu lawo la Abemba kuchokera ku Zambia. Anatipaka ufa kumutu tonse, analanda mapoto ndi makasu, n'kumalengeza pamaso pa anamfedwa kuti mdalayo wapita chifukwa fupa la mbewa linamuima pakhosi. Ine ndinakwiya kwambiri. Inu munandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti Mngoni ndi Mbemba anamenyana kalekale mpaka mikondo inatopa, ndipo kuyambira pamenepo anapangana kuti azimenyana ndi pakamwa pokha. Munati wokutukwana choncho ndi amene adzakukumbire manda.

Tsiku loyamba kukumana ndi Bupe kunali kodyera kukampu. Anawerenga dzina pachifuwa panga, n'kundifunsa m'Chinyanja cha ku Lusaka kuti kwathu ndi kuti. Nditati ndine Mngoni wa ku Mchinji, anakokera mbale yake kutali, akuti mbewa ingatuluke m'thumba mwanga n'kugweramo. Ndinamubwezera kuti anyani a dziko lino ali ndi mwayi kuti amawatsekera m'mipanda, apo ayi Abemba akanawadya n'kuwamaliza chaka chimodzi. Kenaka ndinadzipereka ndekha m'manja mwake. Ndinamuuza zomwe munandiphunzitsa, kuti ife a Soko sitidya nyani chifukwa Soko ndi nyani yemweyo. Bambo, mkaziyu anaseka mpaka kugwira tebulo. Kuyambira tsiku limenelo sanandiitanenso Willard. Ndinasanduka ndiwo zake.

Vuto linali lakuti nthawi zina ankazinena m'Chingerezi kuti anzathu aseke nawo. Kuno kutchula munthu wakuda kuti nyani ndi mlandu waukulu, ndipo mpake, chifukwa amene amatero satero mwa chimbuya. Sajeni wathu, a Osborne, mzungu wa ku Dudley kufupi ndi kuno, munthu wachilungamo koma wosaseka wamba, anamumva tsiku lina. Makutu anawafiira, natiitanira ku ofesi. Anandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kudandaula kuti Kopolo Kangwa akundizunza. Tinayesa kufotokoza za mikondo, za mbewa, za ufa wa pamaliro, koma m'Chingerezi zonsezo zinkamveka ngati nkhani za anthu ozungulira mutu. Anatilamula kuti tisiye, ife n'kuvomera. Tinangobwerera ku chinenero chathu, n'kumatukwanana nkhope zili zaulemu, a Osborne n'kumakondwa kuti tsopano tikumvana.

Dziko lomwe anatitumiza sindiloledwa kulitchula, koma ndi la kwathu ku Africa konko. Tinapita ngati osungitsa mtendere, zisoti zabuluu kumutu. Nkhondo yake ndi yapachiweniweni. Ndinkayesa kuti nkhondo ndikuidziwa chifukwa cha maphunziro, koma yapachibale ndi ina. Wowombera tsidya lino ndi wowombera tsidya linalo amalankhula chinenero chimodzi, anaphunzira sukulu imodzi, ena ndi pachilamu. Akavulala, onse amaitana amayi awo ndi mawu amodzimodzi.

Tsikulo tinatumidwa kukachotsa anthu omwe anathawira pasukulu ina, m'katauni ka m'mbali mwa mtsinje wouma, kuti tikawasiye kumsasa wa othawa nkhondo. Asilikali a boma anali kumsika, zigawenga zinali m'minda ya mapira kutsidya, ndipo mbali zonse ziwiri zinalonjeza kuti zitilola tidutse. Tinakweza amayi, ana ndi okalamba m'malole. Ena ananyamula mbuzi, mayi wina anakakamira makina ake osokera mpaka tinangomusiya akwere nawo. Ine ndinkayendetsa galimoto yankhondo yotsatana ndi yakutsogolo. Dzuwa linali paliwombo, kutentha kwake kuposa kwa ku Nsanje.

Titafika pamlatho, galimoto yakutsogolo inaponda bomba lokwirira pansi. Phokoso sindinalimve, ndinangoona fumbi litaimirira ngati khoma, kenaka m'makutu munayamba kulira. Amene analitchera sitikumudziwa mpaka lero. A boma anayesa kuti zigawenga zayamba, zigawenga zinayesa kuti a boma ayamba, onse n'kutsegula mfuti, ife ndi malole athu tili pakati. Zipolopolo zinkagunda chitsulo cha galimoto ngati matalala padenga la malata. Mabomba oponya ankagwera mumchenga wa mumtsinje, ena m'mapira, mapirawo n'kuyaka. Anthu anadumpha m'malole n'kubalalika, ena akuthamangira kumene kunali motoko.

A Osborne anakuwa kuti titsike, tiwatsogolere anthuwo kunsi kwa mlatho komwe kunali kobisala. Ndinatsika. Ndinakankhira angapo kumtsetse, n'kubwerera kukatenga agogo ena omwe anangokhala pansi pakati pa msewu, atagwira mutu. Ndisanawafike, china chake chinandimenya mwendo ngati nkhwangwa, ndipo ndinagwa chagada. Nditayang'ana, buluku linali litada, magazi akutumphuka motsatira kugunda kwa mtima. Tinaphunzitsidwa kuti zikatero munthu satenga nthawi. Lamba womangira kuti magazi asiye ndinali naye, koma ndinalephera kudzimanga ndekha. Ndinakuganizirani, Bambo, ndinaganizira amayi, kenaka ndinayamba kumva tulo tokoma.

Chomwe chinandidzutsa ndi mbama. Bupe anali atagwada pambali panga, chikwama cha mankhwala kumsana, chisoti chitapendekeka. Anali atathamanga pamtetete, pamsewu woti ngakhale galu sakanadutsa. Anakoka lamba uja pantchafu panga mwamphamvu mpaka ndinakuwa, iye n'kumafunsa ngati Angoni ankhondo otchuka aja ndi amenewa, olira ngati mwana wa kusikelo. Ndinamuuza kuti andisiye, akabisale. Anandiyankha kuti ndiwo zake sasiya panjira. Anati wandiweta nthawi yaitali, ndipo sangalole kuti miimba ya dziko la eni idye nyani wake.

Anandigwira pakolala, nayamba kundikhwekhwereza chafutambuyo. Ndi mkazi wochepa thupi, msinkhu ngati wa Chrissy, pomwe ine ndi zida zanga ndimalemera kuposa thumba la chimanga. Mchenga unkadumpha mbali zonse ndi zipolopolo, koma iye njira yonse sanatseke pakamwa. Ndikatseka maso ankandifunsa kuti mbewa yonona ndi iti, kapuku kapena mende, ndipo ndikachedwa kuyankha inkabwera mbama ina. Ankafunsa ngati timadya ndi mchira womwe, ngati ubweya umatikanirira m'mano. Ndinakwiya mpaka ndinayamba kumubwezera, ndipo munthu wokwiya sagona. A zachipatala amachita dala zimenezi kuti wovulala asapite. Ena amafunsa dzina la mkazi wako kapena mudzi wa kwanu. Iye anandifunsa za mbewa.

Atandifikitsa kunsi kwa mlatho anabwereranso. Anakatenga agogo aja, n'kuwabereka kumsana ngati khanda. Anabwereranso kukamanga bala la msilikali wa boma yemwe anagwa m'ngalande. Kenaka ndinamuona akukwawira kwa munthu wina wovala zamasanza, mfuti ili pambali pake, mmodzi wa zigawenga. Ena mwa anthu omwe tinabisala nawo anakuwa kuti ameneyo amusiye afe, anawotcha nyumba zawo. Bupe sanacheuke. Anakankhira mfutiyo kutali ndi phazi, n'kuyamba kumumanga pamimba ndi manja omwewo omwe anandimanga ine. Bomba linagwa ali pomwepo. A Osborne ndi amene anathamanga kukamutola Bupe.

Mfuti zinaleka akuluakulu atalankhulana pawailesi, kenaka ndege zinabwera kudzatitenga. Anthu ambiri a m'malole aja anafika kumsasa ali moyo, agogo aja ndi mayi wa makina uja omwe. Anzathu awiri a m'galimoto yakutsogolo sanabwerere. Ndaona amuna olimba mtima, Bambo, ndipo nanenso sindine wamantha, koma zomwe anachita mkazi uja sindinazionepo chibadwire. Ndimamulemekeza kuposa msilikali wina aliyense amene ndinavalapo naye yunifolomu.

Anatibweretsa ku Birmingham chifukwa asilikali ovulala amathandizidwa kuno. Kunja kukugwa kamvula kosatha, kukuda msanga, mitengo yonse yayoyoka masamba. Amalawi ndi Azambia a kutchalitchi sanatitaye. Amayi ogwira ntchito kuchipatala cha New Cross amabwera akaweruka, maso ali psuu ndi tulo, atanyamula mpunga ndi nyemba m'makontena. Mwamuna wa Bupe, a Ronald, amasamalira okalamba ku Wolverhampton. Amachoka kunyumba kwawo ku Whitmore Reans, kukwera sitima, kudzakhala pambali pa mkazi wawo, n'kuthamangiranso kushifiti, ndipo sindinawamvepo akudandaula. Mwana wawo Nia akadali wamng'ono. Bambo ake akamulankhula m'Chibemba amayankha m'Chingerezi, ndipo atandiona koyamba anafunsa ngati ndine ankolo nyani aja amayi ake ankawatchula pafoni.

Madokotala anati tizimulankhula Bupe, mwina akumva. Ndiye aliyense ankalankhula naye mofatsa ngati akunyengerera khanda. A Ronald ankamukumbutsa za ukwati wawo, abusa ankapemphera, amayi a kutchalitchi ankaimba chapansipansi, Nia ankamuwerengera buku la kusukulu. Nanenso atandilola kukwera chikuku ndinapita. Ndinamugwira dzanja, ndinamuthokoza ndi mawu onse aulemu omwe ndimawadziwa, ndinamutcha mlongo wanga, ndinamutcha ngwazi. Palibe chinagwedezeka. Ndinatuluka ndikumva ngati ndalankhula ndi munthu wachilendo, ndipo ndikhulupirira kuti nayenso anayesa kwabwera mlendo.

Sabata yatha a Ronald anandiuza kuti tsiku la msonkhano wa madokotala uja lakonzedwa. Ndinakwiya, ngakhale sindikudziwa kuti ndinakwiyira yani. Ndinayendetsa chikuku mpaka pabedi pake, n'kumuuza kuti adzuke, ulesi wa Abemba tikuudziwa. Ndinamufunsa kuti ananditolera chiyani pamsewu ngati ankadziwa kuti adzagona chonchi, ndiwo zikusasa mwini wake ali mtulo. Ndinamuopseza kuti akangofa, maliro ake ndidzayendetsa ndine, ndidzapaka ufa abale ake onse a ku Kasama, ndipo kumanda ndidzalengeza kuti wapita chifukwa fupa la nyani linamuima pakhosi. Ndinalankhula mokweza, misozi ikutsika, ndipo zina ndinazinena m'Chingerezi osazindikira.

Nesi wachizungu yemwe anali pafupi anamva za kufa ndi za fupa pakhosi. Sindimuimba mlandu, ntchito yake ndi kuteteza wodwala. Ananditulutsa nthawi yomweyo, ndipo pambuyo pake ndinauzidwa kuti ndisalowenso m'chipindamo mpaka nkhani itafufuzidwa. Ena ankanong'ona kuti nkhondo yandisokoneza mutu.

Koma a Ronald anali atagwira dzanja lina la mkazi wawo nthawi yonse ndinkatukwana ija. Anauza madokotala kuti nditatchula fupa la nyani, chala cha Bupe chinawafinya. Anati sakulota, dzanja limeneli alidziwa zaka zambiri. Mawa lake kunabwera a Osborne kudzationa, ndipo atamva nkhaniyi anapita okha kwa akuluakulu a wodi. Anawauza kuti iwonso anasokonezeka chimodzimodzi kukampu, mpaka anatiletsa. Anati pamlatho paja anali pafupi, anamumva mkaziyu akukalipira munthu uyu njira yonse, ndipo ngakhale chinenerocho sachidziwa, anaona ndi maso awo kuti ndi kukalipa kumeneko komwe kunamufikitsa wamoyo. Anati lamulo lawo lija alichotsa, ndipo tsopano akulamula Soko kuti apitirize. Potuluka, munthu wosaseka uja anandigwira phewa n'kundifunsa kuti mbewa m'Chibemba amati chiyani.

Anandilola kubwerera. Sisitala Dorica a ku Nkhoma, omwe amagwira ntchito m'chipindamo, anangondipempha kuti ndizitukwana motsitsa mawu, odwala enawo ndi osazolowera. Ndiye masana aliwonse ndimakwera kukagwira ntchito yanga. Dzulo ndinali pakati pomuuza kuti Abemba anathawa Angoni mpaka kukwera m'mitengo, ndipo n'kumeneko komwe anakumana ndi ndiwo zawo. Zikope zake zinagwedezeka, maso n'kutseguka pang'ono. Mawu sangatuluke chifukwa cha paipi ya pakhosi, koma milomo inayenda. A Ronald anawerama msanga, munthu amene wadikira nthawi yonseyi kuti aitanidwe dzina. Anayang'anitsitsa, Bupe n'kubwereza. A Ronald anaweramuka akuseka ndi kulira nthawi imodzi, n'kutiuza kuti mkazi wawo akuti imbeba. Mbewa, Bambo. Ndiwo mawu ake oyamba.

Msonkhano uja auimitsa kaye. Koma madokotala akuti tisafulumire kuvina, chifukwa amatsegula maso kanthawi kochepa kenaka n'kubwereranso kutali. Akuti chomwe chikumukokacho tichipitirize, ndipo tichionjezere. Apa ndi pomwe pagona vuto langa. Matukwano anga atha. Ndinachoka kumudzi ndisanaphunzire mokwanira, ndikungobwereza za anyani zomwezomwezo, ndipo ndikuopa kuti atopa nazo. Paja nyimbo imodzi sachezera gule.

Pempho langa ndi ili. Chrissy akamaliza kuwerenga, akujambuleni mawu pafoni yakeyo, anditumizire, ndikamuikire Bupe kukhutu. Musamupepese, musamuthokoze, zimenezo amayi achite m'pemphero ndi anzawo a Mvano. Inu mumutukwane, Bambo. Mutulutse zonse za ku Mufulira zomwe munkagwetsa nazo a Mwansa, ndipo mulankhule m'Chibemba chanu chokhota chija kuti chimupweteke bwino. Mumuuze kuti mwini nyani ali ku Mchinji, ndipo akufuna kudziwa amene anamuloleza kugwira chiweto chake. Mumuitanitse kumudzi adzayankhe mlanduwu, abwere ndi miyendo yake, mbewa adzazipeza zitawambidwa kale. Ndikudziwa kuti ndinu mkulu wa mpingo ndipo pakamwa panu munapasambitsa kalekale, koma Mulungu amene anamva za pamlatho paja sadzadabwa nanu. Musadikire Lamulungu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi anandilukira ija ndi imene ikundisunga m'chisanu chino. Moni kwa azakhali a ku Kamwendo, kwa amalume a Rapson ndi banja lawo, kwa alamu anga ndi ana onse a Chrissy, ndi kwa a mpingo omwe akutipempherera. Ngati nambala ya a Mwansa mukadali nayo, muwaimbire muwauze kuti mwana wa mtundu wawo wagwira ntchito ku dziko la eni. Koma musawauze kuti ndamuyamikira, angatikwere pamutu mpaka kalekale.

Mutsale ndi Mulungu, ndipo mukonze kukhosi, ine foni ndaigwira m'manja.

Ndine mwana wanu,
ndiwo za eni ake zomwe sizinatsale panjira,

Willard Soko.